Zimene Dotolo Ananena ndi Zimene Ndinauzidwa

Chizindikiro choyamba chinali kulemera m'munsi mwa mimba, kopanda ululu. Munali mu Agosito chaka cha 1954, ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Ndinkachokera kumtsinje wa Revubwe nditasenza debe la madzi, ndipo ndinamva ngati mwana watsikira pansi nthawi yake isanakwane. Msana unkaphwanya pang'ono. Madzulo ake ndinaona chinyezi chonanda pansalu, chokhala ndi timagazi tochepa. Sindinauze munthu. Ndinkadziwa kuti mimba ikafuna kuchoka imayamba ndi kupotokola, ndipo ine sindinkamva kupotokola kulikonse. M'mawa mwake ndinasinja mapira monga mwa masiku onse. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, nsupa inasweka ndili chiimire pamtondo. Dzuwa lisanalowe mwana anali atatuluka. Anali wamwamuna, wongokwana m'manja mwanga, ndipo sanapume.

Dzina langa ndine Firomena. Kwathu ndi ku Zobwe, kumapiri, pafupi ndi malire a Nyasalande. Ndinaphunzira zaka ziwiri zokha pashikola ya katekisimu. Chinyanja ndimalemba, koma Chiputukezi sindimva, kupatula moni ndi mawu othamangitsira anthu pakhomo. Amayi a mumpingo mwathu andipempha kuti ndilembe za matenda anga, chifukwa alipo ena amene mimba zawo zimachoka mwa njira yomweyi.

Ndinakwatiwa mu 1952 ndi a Zuze, Mnyungwe wa ku Moatize, amene ankagwira ntchito kumgodi wa malasha. Tinamanga ukwati m'tchalitchi, n'kunditenga chitengwa kupita nane pakhomo pa amayi awo. A Zuze ankadziwa bwino Chiputukezi, moti kumgodi ankaitanidwa kukamasulira pakabuka mlandu. Ine ndinkanyadira zimenezi.

Mwana wa mu Agosito uja sanali woyamba. Woyamba anabadwa mu 1953, ndipo vuto langa linayambira pamenepo, ngakhale panapita zaka zisanu ndisanadziwe. Apongozi anga ndiwo anali azamba a pamudzipo. Matenda anayamba m'mawa, tsiku lonse linatha, lachiwiri linafika mwana asanatsike. Apongozi anandimwetsa madzi owawa a mizu, ofulumizitsa, n'kundiuza kuti nditchime. Njira inali isanatseguke. Ataona kuti sizikuyenda analowetsa dzanja, akazi awiri akukanikiza mimba kuchokera pamwamba. Ndinamva chinthu chikung'ambika mkati. Mwanayo anali wamkazi. Anabadwa atatopa ndipo anakhala tsiku limodzi. Ine ndinataya magazi milungu itatu. Apongozi anati mwana woyamba amatero, ntchito yake n'kutsegula njira.

Nditapita padera mu Agosito muja, zotsalira sizinatuluke zonse. Tsiku lachinayi thupi linatentha, ndinkanjenjemera, ndipo pankatuluka fungo loipa. A Zuze anandikweza panjinga kupita nane ku kachipatala ka kumgodi. Dotolo wake anali Mzungu wachikulire. Anandiyeretsa m'mimba, ndipo ndinagona komweko masiku asanu, akundibaya singano m'mawa ndi madzulo.

Tsiku lotuluka dotolo anaitana a Zuze pambali pa kama wanga. Analankhula nthawi yaitali. Anatenga pepala n'kujambulapo chinthu chonga mtsuko wozondoka, kukamwa kwake kuli kong'aluka. Anandiloza, analoza pepalalo, kenaka anakweza mawu n'kuloza kunja. A Zuze anaima chipewa chili m'manja, akungovomera kuti, “Si, sinyoro. Si, sinyoro.”

Tili panjira ndinawafunsa zimene dotolo ananena.

Anati, “Akuti ndi malungo. Akuti uzidya bwino, palibenso china.”

Ndinati, “Nanga mawu onse aja?”

“Azungu ndi choncho. Mawu dengu lonse, nkhani yake kambewu kamodzi.”

Ndinaseka ngakhale ndinali wofooka, ndipo ndinakhulupirira. Panalibe chifukwa chokayikirira mwamuna amene anandikankha panjinga padzuwa lonse lija.

Ndinaimanso kumapeto kwa 1955. Mimba imeneyo inayenda bwino mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Inali nthawi ya masika, tikututa mapira kumunda. Kulemera kuja kunabweranso, msana womwe uja, chinyezi chomwe chija. Ulendo uno ndinauza apongozi tsiku lomwelo. Anandimanga mkuzi wa mankhwala m'chiuno, nati ndisagone, mkazi wogonagona amabala movutika. Ndinapitiriza kusenza madengu. Tsiku lachinayi m'mawa nsupa inasweka.

Kumeneko kuli mwambo, ndipo kwathu kunonso ulipo. Mwana akamabwera molakwika amati mkazi anayenda ndi mwamuna wina, ndipo mwanayo sangakhale moyo mpaka mayi atchule dzina. Apongozi anaitana akazi anayi achikulire, n'kukhala mondizungulira m'nyumba. Mawu awo anali amodzi a Chinyungwe: “Lewa! Lewa!” ndiye kuti nena. Ndinawauza kuti palibe. Anati ana awiri apita kale, kodi ndikufuna kupha wachitatu? Anayamba m'mawa, dzuwa linafika paliwombo akadali pomwepo.

A Zuze tsiku limenelo sanapite kuntchito. Anakhala pansi pa mtengo wa msawu umene unali kuseri kwa nyumba. Khoma linali la bango ndi dothi, ndipo ndinkawamva akamatsokomola. Ndinawaitana kamodzi. Ndinati, “A Zuze, auzeni kuti mumandidziwa!” Anangokhala pomwepo pansi pa msawu.

Pano ndiyenera kunena cholakwa changa. Ululu utakula, ndinaganiza kuti mwina kutchula dzina, ngakhale labodza, kungamasule mwanayo. Ndinati, “Berinado wa ku Kambulatsitsi.” Munthu ameneyo kulibe. Ku Kambulatsitsi ndinangodutsako kamodzi pa kamiyawo, galimoto yaikulu ya katundu. Ndinatola dzinalo monga munthu amatolera mwala akaona galu. Akazi aja anapuma, apongozi anawomba m'manja, n'kundipatsa madzi akumwa.

Mwana anabadwa wamoyo, wamkazi. Khungu lake linali lopyapyala, mitsempha ikuoneka. Analira timawu tating'ono ngati kamwana ka mphaka. Ndinaviika chala m'chikho chija, ndinam'batiza ndekha monga anatiphunzitsira ku katekisimu, n'kumutcha Ana. Anakhala mpaka dzuwa litapendeka. Akazi okhaokha anakamuika ngati nthayo, popanda kulira, popanda mwamuna kuperekeza. Sindinaloledwe kudzuka, ndipo mpaka lero sindidziwa mtengo umene anamuika pansi pake.

Patapita mwezi anandibweza kwathu monga mkazi wachigololo. Makolo anga anamwalira kale, ndipo amene anandilandira ndi achimwene anga a Matiyasi ndi akazi awo. Ndinawauza kuti dzina lija linali labodza. Anakhulupirira, koma nkhani inali itafika kale ndi makamiyawo a pamsewu. Ndinakhala ku Zobwe chaka ndi miyezi ingapo, ndikulima chimanga ndi mbatatesi. Kuchitsime akazi ankasiya kulankhula ndikafika.

Kumayambiriro kwa 1958 a Zuze anabwera ndi shuga ndi nsalu. Anakhala pabwalo pamaso pa achimwene ndi mphunzitsi wa mpingo, n'kunena kuti andikhululukira. Mphunzitsiyo anati ukwati wa m'tchalitchi sumasulidwa, ndipo mwamuna wokhululuka chotero ndi wosowa. Ine ndinagwada n'kuthokoza. Pa zonse zimene zinandichitikira, kugwada kumeneko ndiko kumandivuta kukumbukira.

Tinabwerera ku Moatize. Kumgodi anali atawapatsa nyumba ya chipinda chimodzi, kotero sitinakhalenso ndi apongozi. Mu Julayi ndinaima. Mu Okutobala, mimba ili ndi miyezi itatu, ndinadzitema phazi ndi nkhwangwa powaza nkhuni, ndipo bala linatukusira. A Zuze anali pansi kumgodi. Ndinapita ndekha ku kachipatala kaja, koyamba kulowamo wopanda womasulira.

Dotolo wachikulire uja anali atachoka. Ndinapeza namwino watsopano, a Sesiliya, mayi wa ku Angoniya, wolankhula Chinyanja chathu. Anatsuka bala, kenaka anafunsa ngati ndinagonapo pamenepo. Nditavomera, anafufuza m'kabati n'kutulutsa fisha yanga, kapepala kolimba kamene amalembapo za wodwala. Anawerenga ataima, kenaka anakhala pansi.

Anafunsa, “Mayi, chichokereni kuno munaimapo?”

Ndinawauza za Ana, ndi kuti ndinali ndi pakati pena.

“Nanga bwanji simunabwere? Pano palembedwa kuti khomo la chiberekero chanu linang'ambika pa uchembere woyamba, ndipo silitsekeka bwino. Mimba ikalemera limatseguka lokha, popanda ululu. Palembedwanso kuti amuna anu anauzidwa zonsezi. Anauzidwa kuti mukadzaima musadzasenze, musadzasinje, mudzabwere kuno mwezi wachinayi usanathe kuti mudzagone.”

Ndinawapempha kuti awerengenso, ndipo anawerenga pang'onopang'ono. Ndinafunsa ngati palembedwa za malungo. Anati ayi. Ndinafunsa ngati matenda otere amabwera chifukwa cha kuyenda ndi mwamuna wina.

Anati, “Ndani anakuuzani zimenezo? Ili ndi bala, mayi, ngati la paphazi lanuli. Kusiyana kwake n'koti lili mkati.”

A Sesiliya sanandinamize. Anati palibe amene angalumbire kuti kugona kukanapulumutsa Ana, pakuti ena amagona koma mwana n'kupitabe. Koma anati ena amapulumuka. Anandiuzanso kuti kuchipatala chachikulu, tsidya la Zambezi, kwafika dotolo wa Chimwenye wochokera ku Gowa amene wayamba njira yatsopano, yomanga khomolo ndi ulusi. Anali atachita pa akazi owerengeka okha. Anati ziyenera kuchitika mwezi wachinayi usanathe, khomo lisanatseguke. Anandilembera kalata n'kuiika m'manja mwanga, nati ndisapatse munthu wina.

A Zuze anaweruka dzuwa likadalipo. Ndinawaikira madzi osamba monga mwa nthawi zonse, ndinadikira kuti achotse fumbi la malasha kumaso, kenaka ndinawauza zimene zinali pafisha. 

Anati, “Dotolo uja anafunsa dzina la amene anakubereketsa. Anati akalidziwa atumiza masupayi, apolisi a boma. Unkafuna amayi anga amenyedwe mbalamatodya, thabwa lomenyera m'manja lija, nkhalamba ngati ija?”

Ndinati, “Mukanabisa dzina lawo, ine n'kundiuza zogona.”

“Ukanagona, amayi akanafunsa chifukwa chake. Akanadziwa kuti ndi dzanja lawo. Zikanawapha.”

“Nanga tsiku lija munali pansi pa msawu?”

Anatenga malaya awo n'kutuluka. 

Apongozi anga sindiwasungira zambiri. Anachita zimene anaphunzira kwa amayi awo, ndipo ankakhulupiriradi kuti ndinachimwa. Koma a Zuze ankadziwa. Ankadziwa pamene ndinkasenza madengu a mapira, ankadziwa pamene ndinatchula dzina lija, ankadziwanso pamene ndinagwada pabwalo la achimwene.

Patapita masiku awiri ndinawoloka Zambezi pa batelawu, chombo chachikulu chowolotsa anthu ndi makamiyawo, kalata ili pachifuwa. Anandigoneka m'chipinda cha akazi, pakama wakumapeto, pafupi ndi zenera. Anaika njerwa pansi pa miyendo ya kumapazi ya kamayo kuti mimba isalemere pakhomo. Kunali kutentha kwa mvula isanagwe, koti nsalu imamatira pamsana. Belu linkalira mbandakucha. Namwino ankadutsa ndi kagalasi koyezera kutentha kwa thupi, kenaka phala, kenaka kukolopa, kenaka dotolo. Akachoka dotolo panalibenso china koma kudikira mawa.

Dotoloyo anali wamng'ono thupi, wosalankhula zambiri. Womasulira wake anali mayi wina wokolopa, wodziwa Chinyungwe ndi Chinyanja. Ndinaona kuti dotolo akanena mawu ambiri, mayiyonso ankanena ambiri. Anatenga kathumba ka fodya ka mlonda n'kukoka chingwe chake, kukamwa kwa thumba n'kutsekeka. Anati adzachita chimodzimodzi pakhomo la chiberekero, ndipo ulusiwo adzauchotsa nthawi yobereka ikayandikira. Koma anati lamulo la pachipatalapo limafuna kuti mwamuna alembe dzina lake papepala asanandigoneke tulo.

Ndinatumiza mawu kwa a Zuze kudzera kwa a Sesiliya. Yankho linabwera loti afika Lamulungu. Lamulungu ndinayang'ana pazenera kuyambira m'mawa, anthu a pa batelawu iliyonse akulowa pachipata ndi timitolo tawo. Sanabwere. Lamulungu lachiwiri sanabwerenso. Pambuyo pake ndinamva kuti apongozi anati kusoka chiberekero n'kutseka mbumba mpaka kalekale, ndipo a Zuze, kuti awatsutse, akanafunika kuwaululira za bala lija.

Lolemba lotsatira dotolo anandiyeza, n'kunena kuti khomo layamba kufupika ndipo nsonga ya chala ikulowa. Anati sangadikire kupitirira mlungu umenewo. Mayi wokolopa uja anali ndi mlamu wake woyendetsa kamiyawo panjira ya ku Nyasalande, ndipo mlamuyo ndiye ananyamula kakalata kanga kupita ku Zobwe. Lachinayi achimwene anafika, fumbi lili mpaka m'nsidze, akazi awo ali pambuyo ndi mphika ndi ufa. Dotolo anafunsa ngati iwo ndi mwamuna wanga. Achimwene anati, “Muwauze kuti kwathu mwini mbumba ndine. Mwana ali m'mimbayo ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga.” Dotolo anaganiza pang'ono, kenaka anakankha pepala. Achimwene sadziwa kulemba, kotero anadinda chala.

Anandimanga Lachisanu m'mawa, kumayambiriro kwa Novembala. Sindinadye kuyambira dzulo lake. Anandimeta, anandisambitsa ndi mankhwala ofiira, n'kundiika chinthu kumphuno chonunkha moyipa, nati ndiwerenge. Ndinafika pa zisanu ndi ziwiri. Ndinadzuka ndikusanza, pakhosi pakuwawa. Masiku awiri panatuluka timagazi, ndipo m'mimba munkapotokola pang'ono, kenaka zinaleka. Dotolo anati ndikaona madzi, magazi, kutentha thupi kapena kupotokola kobwerezabwereza, ndiitane nthawi yomweyo, chifukwa matenda akayamba ulusi uli pomwepo, khomo likhoza kung'ambika koposa kale. Ndinafunsa ngati ndingapite kukagona kwathu ku Zobwe. Anakana. Anati msewu umenewo ndi kamiyawo zingamasule zimene wamanga.

Choncho ndinakhala pakama uja miyezi inayi ndi theka. Ndinkadzuka popita kuchimbudzi pokha. Alamu anga, akazi a achimwene, anasiya munda wawo nthawi yodzala, n'kumagona m'chisakasa cha odikirira odwala kuseri kwa chipatala. Ankandichapira, kundiphikira, ndi kunditikita miyendo ikachita dzanzi. Ndikadandaula za munda wawo ankati, “Khalani chete, alamu, mungadzutse mwana. Chimanga sichithawa.” Kugona kuli ndi matenda akeake. Msana unawawa, kudzimbidwa kunandivuta, ndipo tsiku linkatalika ngati mlungu. Ndinkawerenga nthawi ndi mabelu a tchalitchi a Lamulungu.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti ulusi sulephera. Pakama woyandikana nane panabwera mayi wina wa ku Benga, mkazi wa msodzi, amene anapita padera kanayi. Anamumanga mlungu umodzi pambuyo panga. Tinkagawana mango ndi nkhani, iye Chinyungwe, ine Chinyanja. Mu Januwale thupi lake linatentha, madzi anatuluka, ndipo dotolo anachotsa ulusi tsiku lomwelo. Mwana wake sanakhale moyo. Potuluka anandigwira phazi, nati, “Iwe khala, usadzuke.” Sindinamuonenso.

Mwezi wachisanu unadutsa. Wachisanu ndi chimodzi, nthawi imene Ana anabadwa, ndinkaopa ngakhale kuyetsemula. Unadutsanso. Mu Febuluwale, tsiku lina masana, mimba inayamba kulimba n'kumasuka, kulimba n'kumasuka. Ndinaitana namwino nthawi yomweyo. Anawonjezera njerwa, anandibaya singano yogonetsa, ndipo dotolo anabwera kawiri tsiku limenelo. Anati mwana akabadwa panopa n'zovuta kuti akhale. Patapita masiku awiri mimba inakhala bata. Miyezi yonseyi a Zuze anabwera kamodzi, pa Khirisimasi. Anaima pakhomo la chipinda, anasiya sopo ndi mabanzi, n'kunena kuti batelawu yomaliza iwasiya.

Pakati pa Malichi chaka chino cha 1959, mwezi wachisanu ndi chitatu ukutha, matenda anayamba. Dotolo ankafuna kuti papite milungu ina itatu, koma anati sangathenso kuletsa. Anachotsa ulusi ndili maso. Zinapweteka kwambiri koma kwa kanthawi kochepa. Palibe anandiuza kuti nditchime nthawi isanakwane, palibe anandikanikiza mimba, palibe anandifunsa dzina la munthu. M'mawa mwake mwana anabadwa, wamkazi, ndipo analira mokweza moti alamu anamva ali pabwalo.

Anali wamng'ono. Anamukulunga ndi thonje ndi nsalu, n'kumuika mabotolo a madzi ofunda m'mbali. Masiku awiri oyamba analibe mphamvu yoyamwa, ndipo ndinkafinyira mkaka m'kapu, namwino n'kumamumwetsa ndi kasupuni. Tsiku lachitatu anagwira bere. Tinamutcha Tereza, dzina la alamu anga. Ndinapempha namwino kuti andipatse ulusi uja. Anautsuka n'kuukulunga m'pepala. Ndinkaganiza kuti udzakhala chingwe chachikulu, koma ndi kaulusi kakuda, kafupi kuposa chikhatho changa. Ndimakasunga m'buku la mapemphero.

A Zuze anabwera tsiku lachisanu ndi nsalu yatsopano. Ananyamula mwana ndipo misozi inatuluka. Sindikunena kuti inali yabodza. Anati tibwerere kunyumba. Ndinawauza kuti ndili ndi pempho limodzi: aitane amayi awo ndi akazi anayi aja anali m'nyumba tsiku la Ana, awauze pamaso panga zimene dotolo wachikulire ananena, ndi kuti Berinado kulibe.

Anati, “Zakale n'zakale, Firomena. Mwana si uyu wabadwa? Ukufuna kudzutsiranji zogona?”

Ndinawalanda mwana mwaulemu n'kumuika kubere. Titatuluka patapita milungu itatu, ndinakwera kamiyawo ya ku Zobwe ndi alamu anga. Inadutsa pa Moatize n'kuima pamsika kuti ikweze matumba. Sindinatsike.

Tsopano ndi Disembala. Tereza ali ndi miyezi isanu ndi inayi, akukwawa, ndipo wamera mano awiri. Akadali wochepa poyerekeza ndi anzake, koma amadya phala ndipo sanadwalepo kupatula chimfine. Ine ndili bwino. Miyendo inali yofooka mwezi woyamba, koma tsopano ndimalima ndime yanga. Ndikasenza katundu wolemera msana umandikumbutsa. Dotolo anandiuza kuti khomo lija silinapole ndipo silidzapola. Ndikadzaimanso lidzafunika kumangidwa mwatsopano mwezi wachitatu ukamatha, ndipo ngakhale atamanga, mwana akhoza kubwera nthawi isanakwane. A Zuze abwera kuno kawiri. Ulendo uliwonse ndimawalandira, ndimawapatsa mwana kuti amunyamule, n'kuwakumbutsa pempho langa. Sanachitebe. Ndimamva kuti ku Moatize alipo amene amanditchabe mkazi wa Berinado.

Kwa amayi anzanga ndinena izi. Ngati munavutika pobereka, makamaka ngati munatchima njira isanatseguke kapena wina analowetsa dzanja, ndipo pambuyo pake mimba zikuchoka pa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi popanda ululu weniweni, pitani kuchipatala mukangodziwa kuti mwaima. Musadikire kupotokola, chifukwa pamatenda awa kumabwera zonse zitatha. Kulemera m'munsi, kuphwanya kwa msana ndi chinyezi chachilendo n'zokwanira kuti mutule debe pansi tsiku lomwelo. Musatchule dzina la munthu kuti akusiyeni. Silipulumutsa mwana, ndipo limakutsatirani.

Ndipo dotolo akamalankhula chilankhulo chimene simukumva, musachite manyazi. Funani namwino kapena wokolopa wolankhula chathu, mumufunse nokha, abwereze mpaka mumvetse. Amene wakuperekezani akhoza kukhala wokukondani, koma ali ndi ena amene amawakondanso. Ine ndinali pakama pomwepo, maso ali tcheru, pepala lojambulidwa lija ndikuliona, ndipo sindinafunse wina aliyense. Ana akanakhala ndi zaka zitatu ndi theka.